Fodya, vape ndi chamba: ndimange chigafa chatsopano kapena ndisiye?

Bambo a Tadala (Santhe, Kasungu)
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. September wayandikira, anzanga ayamba kale kugalauza mabedi a nazale kudambo, ine mbewu ndili nayo koma mtima ukukana. Bambo anga analima fodya kuyambira nthawi ya Kamuzu, ine ndinadziwa kusoka fodya ndisanadziwe kulemba dzina langa. Malata a nyumba yomwe ndikugonamo ndi balire, fizi ya ana ndi balire. Koma dzulo mlamu wanga wa ku UK wandiimbira, akuti kumeneko akufuna ana a masiku ano asadzagule ndudu moyo wawo wonse. Ndiye ngati osuta akutha, ife tikulimira ndani? Chigafa changa chakalamba, chiswe chadya nsanamira, ndimafuna kutenga ngongole ndimange chachikulu. Ndimange kapena ndisiye? Ena kuno akuti tingoyamba chamba poti boma linavomereza. Amene mukudziwa zinthu ndithandizeni, musandibisire kanthu.

Mai Nankhoma (Leeds)
Bambo a Tadala, alamu anu sananame. Boma la kuno linabweretsa bilu yoti aliyense wobadwa pa 1 January 2009 kapena pambuyo pake asadzagulitsidwe fodya, ngakhale atafika zaka 40. Aphungu a House of Commons anaivomereza mu March 2025. Amene akusuta kale sakuletsedwa, kungoti chaka chilichonse msinkhu wogulira fodya uzikwera ndi chaka chimodzi. Kuwonjezera apo, kuyambira pa 1 June 2025 ma vape (tizipangizo tamagetsi tokokera nthunzi ya nikotini) ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya aja analetsedwa kugulitsidwa. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Pali gogo wina amene ndimamusambitsa, amagona ndi paipi ya mpweya m'mphuno, kuchoka pabedi kufika kuchimbudzi amapumira kawiri panjira. Anasuta zaka zoposa 50. Ndikamuona ndimakumbukira kuti sukulu yanga inalipiridwa ndi fodya wa ku Mponela, ndipo mtima umandipweteka mbali zonse ziwiri.

A Kamanga (mlangizi wopuma, Dowa)
Mwana wanga Bambo a Tadala, khazika mtima pansi kaye. Ndagwira ntchito ndi alimi a fodya zaka zambiri, ndipo mawu oti "fodya watha" ndinayamba kuwamva ndili ndi tsitsi lakuda. UK si dziko lonse. New Zealand anakhazikitsa lamulo lofanana ndi limenelo mu 2022, boma litasintha analichotsa mu 2024 lisanayambe n'kugwira ntchito. Anthu ogwiritsa ntchito fodya padziko akadali oposa biliyoni imodzi. Ndipo mu 2024 fodya wathu anabweretsa pafupifupi madola 400 miliyoni, kuposa zaka zingapo zam'mbuyo mwake. Choncho fodya sathera mawa kapena mkuja.

Koma usamve ngati ndikukuuza kuti zonse zili bwino. Chinthu chikamatha pang'onopang'ono, woyamba kumva ululu ndi amene ali pansi penipeni. Kampani yopanga ndudu ikaona kuti osuta akuchepa imakweza mtengo wa paketi, phindu lake likhalabe. Wogula masamba amachepetsa makilogalamu omwe akufuna. Iwe sungakweze kanthu. Belo lako likafika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, mtengo amatchula ndi wina, iwe umangoyang'ana. Chigafa chachikulu ndi ngongole ya zaka zingapo, pomwe wogula amakulonjeza chaka chimodzi chimodzi. Pamenepo ndi pomwe uyenera kuganizira.

Yobu ku Joni
Zoletsaletsazi ine sindizikhulupirira. Kuno mu 2020 nthawi ya korona boma linaletsa kugulitsa ndudu kuyambira kumapeto kwa March mpaka August. Mukuganiza anthu anasiya? Ndudu zinkagulitsidwa m'makwalala, m'masaluni, ngakhale kwa amayi ogulitsa tomato, mtengo wake wokwera kangapo. Zina zinkalowa mozemba kudzera kumalire a Zimbabwe. Boma linaluza msonkho, ogulitsa mozemba analemera, ndipo mpaka lero msika wa ndudu zozemba sunagwe. Achimwene limani fodya wanu.

Mai Nankhoma (Leeds)
A Yobu, kulanda ndudu munthu amene wazolowera kale ndi nkhani ina, kutseka khomo kuti mwana asayambe ndi nkhani inanso. Wa zaka 50 adzaisaka ngakhale usiku. Wa zaka 15 amene sanalawepo sadzavutika kuisaka. Ndipo si lamulo lokha. Achinyamata a kuno ndudu amaiona ngati chinthu cha madala, chonunkha. Chomwe chili m'manja mwawo ndi vape.

Aphunzitsi a Zimba (Lilongwe)
Pa vape pomwepo ndiloleni ndilowepo, chifukwa ambiri mukuganiza kuti ndi za kunja. Teremu yathayi ndinalanda kanthu kwa mtsikana wa Fomu 2. Kanali kofiirira, kotalika ngati chala, ndinkayesa ndi cholembera chopaka pamabuku chija. Anzake ndi amene anandiuza. Nditakanunkhiza kankamveka ngati switi ya mango. Mwanayo sankanunkha utsi, mano oyera, zala zoyera, palibe machesi m'thumba. Kale mwana wosuta tinkamugwira ndi fungo, pano tigwira ndi chiyani? Titaitana mayi ake anangoti kakasi, anati amakaona patebulo kunyumba n'kumayesa ndi mafuta opaka pamilomo. Mwanayo analira, anati anayamba mongolawa kwa mnzake ndipo pano akapanda kukoka mutu umamuwawa, m'kalasi samva chilichonse. Anagula kwa munthu wogulitsa pa WhatsApp, palibe anamufunsa zaka. Ife tikukangana za alimi, zili bwino, koma ana a m'tauni akulowa mu nikotini kudzera khomo lomwe palibe akulilondera.

Chikondi M.
Aphunzitsi, ine ndinasiya ndudu chifukwa cha vape. Ndinkasuta paketi patsiku kwa zaka 11. Pano miyezi 14 sindinayatse ndudu, chifuwa cham'mawa chinatha, masitepe a kuntchito ndimakwera osaima. Musaiyipitse yonse.

Sisita Naphiri (namwino, Zomba)
Nonse awiri mukunena zoona. Chomwe chimapha kwambiri mu ndudu ndi utsi wa tsamba lopsa: phula lija ndi mpweya woipa. Nikotini ndi amene amakumanga kuti usasiye. Vape siwotcha tsamba, imatenthetsa madzi osakaniza ndi nikotini, ndiye kwa munthu wamkulu amene wasiyiratu ndudu chiopsezo chimachepa. Kuchepa sikutanthauza kuti palibe, ndipo zinthuzi ndi zatsopano. Koma mwana wa Fomu 2 sakusiya kanthu, akuyamba. Ubongo wake ukukulabe ndipo nikotini imagwira msanga. Chinanso, chogulidwa mozemba sudziwa chomwe athiramo. Ku America mu 2019 anthu ambiri anagonekedwa m'zipatala mapapo atawonongeka, ena anamwalira, ndipo anapeza kuti vuto lalikulu linali mafuta ena omwe ankasakaniza m'ma vape a chamba ogulitsidwa mozemba. A Chikondi, cholinga chanu chikhale kudzasiyanso vape'yo, muzichepetsa mphamvu ya nikotini pang'onopang'ono.

Bambo a Tadala (Santhe, Kasungu)
Zikomo. Funso langa laumbuli: nikotini wa mu vape'yo sachokera ku fodya wathu yemweyu? Ngati ndi choncho ndiye kuti msika ulipobe?

A Kamanga (mlangizi wopuma, Dowa)
Si funso laumbuli, ndi funso lenileni. Nikotini wambiri amafinyidwadi kuchokera ku fodya, wina amapangidwa m'fakitale popanda tsamba. Koma wofinya nikotini safuna tsamba lokongola. Amatenga zinyenyeswa ndi zotsalira, bola muli nikotini. Luso lako lonse lija, kuthyola pa nthawi yake, kuyanika pamthunzi kuti mtundu utuluke bwino, kusankha magiredi, kumanga mindindi, kupana belo, iye alibe nalo ntchito. Balire wathu amafunidwa chifukwa amasakanizidwa ndi fodya wina popanga ndudu za mtundu wa Marlboro zija. Zipangizo za vape zambiri zimapangidwa ku Shenzhen ku China. Palinso zina monga IQOS zomwe zimatenthetsa fodya weniweni osamuwotcha, koma kandodo kake n'kakang'ono, tsamba lolowamo n'lochepa kuyerekeza ndi ndudu. Ndiye makampani akuluakulu akamanena kuti akufuna dziko lopanda utsi, iwo ali ndi kolowera. Mlimi wa ku Santhe sanamukonzere mpando kumeneko.

Ras Kondwani (Nkhata Bay)
Mtendere abale. Ine ndakhala chete kudikira kuti tifike pa chamba. Taonani chinyengo chake. Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, koma akatsegula msika amabwera atsogoleri, nyimbo, magule. Chamba chomwe dziko lonse likuchidziwa ndi dzina loti Malawi Gold, chomwe chimalimidwa m'mapiri a Nkhotakota ndi kuno kwathu, mnyamata akapezeka nacho pa rodibuloko amagona m'chitokosi. Ku South Africa khoti lalikulu linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu atha kusuta ndi kulima chake pakhomo pake. Canada anavomereza mu 2018, Germany mu 2024. Ife eni mbewu tikadali kuthamangitsana m'tchire. Kwa ife a Rasta ndi gawo la chipembedzo. Ana athu a madiredi analoledwa m'sukulu za boma khoti litagamula mu 2023, titadikira zaka zambirimbiri. Pa chamba tidikiranso mpaka liti?

Yobu ku Joni
Ras akunena zoona za kuno, ndipo Ramaphosa anasainira lamulo lake mu 2024. Koma abale obwera kuno musamve molakwa: kusuta pamsewu kapena kugulitsa ndi mlandu ndithu. Ndipo kudutsa nacho pa Mwanza, Nyamapanda kapena Beitbridge ndi ndende. Ndawaona anyamata akutsitsidwa m'basi chifukwa cha katundu womwe anangopatsidwa kuti akasiye kwa wina.

Bambo a Tadala (Santhe, Kasungu)
Ndiye kwathu kuno lamulo likuti chiyani kwenikweni? Chifukwa kumudzi kuno ena akuti chinavomerezedwa basi, wina wadzala kale kuseri kwa khola.

Loya Wamng'ono
Muuzeni azule lero lomwe. Lamulo la Cannabis Regulation Act linadutsa mu February 2020. Linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, chija amapangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zina, koma pokhapokha muli ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta sikunavomerezedwe. Kulima opanda chiphaso ndi mlandu, kupezeka nacho ndi mlandu. Mu 2024 aphungu anakambirana ndi kuvomereza zoti mbewu yathu yakuno nayonso izilimidwa, nkhaniyo inatsogoleredwa ndi a Peter Dimba, koma apanso ndi za malonda ndi mankhwala pansi pa chiphaso, osati aliyense kuseri kwa khola. Mitengo ya ziphaso yomwe inalengezedwa poyamba inali madola 10,000 pa chamba cha mankhwala ndi madola 2,000 pa cha mafakitale. Muwerengere nokha kuti ndi mabelo angati a balire amenewo.

Nachisale wa ku Mchinji
Apa ndiye pandikhudza. Ine ndi mmodzi mwa omwe anathamangira. Mu 2021 a Chakwera potsegulira msika wa fodya ananena poyera kuti fodya akupita kumapeto, tiganizire mbewu zina kuphatikizapo chamba. Chaka chomwecho tinamva kuti boma lapempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu. Tinati basi, mwayi ndi umenewu. Tinapanga kopaletivu, anthu oposa 60, ambiri amayi. Kunabwera anthu ena a kampani yomwe sinditchula, atavala bwino, ali ndi mapepala, anati tisonkhe ndalama za umembala, za maphunziro ndi za mbewu, msika ulipo kale kunja. Ine ndinagulitsa mbuzi zinayi ndi njinga ya malemu amuna anga. Tinaphunziradi masiku atatu pansi pa mtengo wa mango, anatipatsa masatifiketi okhala ndi chidindo. Mbewu inabwera mochedwa, yochepa, ina sinamere. Yomwe inamera tinaisamala ngati khanda, kuthirira ndi ndowa, kulondera usiku mosinthana. Titakolola anati giredi yake siyikufika, wogula akufuna zoyezedwa ku labu, zolimidwa m'nyumba zapulasitiki, ndipo mafoni anayamba kusayankhidwa. Matumba anakhala m'nyumba ya tcheyamani mpaka anachita nkhungu. Sitikanatha ngakhale kugulitsa kwina poopa kumangidwa. Satifiketi ija ndili nayobe m'sutikesi. Bambo a Tadala, fodya ali ndi mavuto ake koma mumadziwa komwe kuli msika ndi tsiku lomwe utsegulidwe. Munthu asakutengereni ndalama asanakuonetseni wogula ndi mgwirizano wolembedwa.

Mai Nankhoma (Leeds)
Pepani kwambiri mayi. Njinga ya malemu, zandikhudza.

Ras Kondwani (Nkhata Bay)
Pepani mayi anga. Koma mwaona zomwe ndikunena? Lamulo linalembedwera anthu a ndalama. Mbewu yochokera kunja, chiphaso cha madola, mpanda, labu. Agogo a ku Nkhotakota omwe asunga mbewu yeniyeni zaka zonsezi, omwe amadziwa kuikulunga m'makoko a nthochi kuti ikhwime bwino, iwo akadali zigawenga pamaso pa lamulo. A Boniface Kadzamira atayambitsa nkhaniyi m'nyumba ya malamulo mu 2015 anzawo anawaseka. Patapita zaka zisanu lamulo linadutsa, koma mlimi wamng'ono anatsala panja. Ingovomerezani chonse, munthu alime, agulitse, boma lidule msonkho ngati momwe likuchitira ndi mowa.

Sisita Naphiri (namwino, Zomba)
A Ras, ndimakulemekezani, koma apa sindingakhale chete. Sindilankhula ngati namwino, ndilankhula ngati mlongo wa munthu. Mchimwene wanga wamng'ono anali wanzeru kuposa tonse m'banja mwathu, masamu ankaphunzitsa anzake. Anayamba chamba ali Fomu 3. Pofika zaka 20 anayamba kunena kuti wailesi ikumunena, anatseka mawindo ndi makatoni, chakudya cha mayi ankakana akuti athiramo mankhwala. Tsiku lina tinamupeza pamsika atavula malaya akulalikira kwa mbuzi. Tinamumanga ndi chitenje cha mayi kuti tikwere naye galimoto. Mayi anga sanalire pamaliro a bambo monga analirira tsiku limenelo. Pano ali pamankhwala, akakhala bwino amathandiza kumunda, akangolawanso timabwerera poyambira. Ndikudziwa kuti si aliyense wosuta amadwala misala, ambiri sadwala. Koma amene ayamba ali wamng'ono, amene amasuta tsiku ndi tsiku, amene m'banja mwawo muli kale matendawa, chiopsezo chake n'chachikulu, ndipo palibe amadziwiratu kuti ali mbali iti. Dziko lathu chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha Zomba, kuwonjezera a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala a matendawa ndi owerengeka. Mukatsegula chitseko, odwalawo adzagona kuti?

Ras Kondwani (Nkhata Bay)
Sisita, pepani za mchimwene wanu, ndikunena kuchokera pansi pamtima. Koma anayamba chamba chili choletsedwa. Lamulo silinamuteteze. Wogulitsa mozemba safunsa zaka, monga momwe Aphunzitsi anenera za vape. Chikanakhala m'sitolo yokhala ndi chiphaso mwina mwana wa Fomu 3 akanabwezedwa pakhomo.

Sisita Naphiri (namwino, Zomba)
Mowa uli m'masitolo a ziphaso, lamulo likuti zaka 18. Pitani pa tireding'i senta iliyonse Loweruka madzulo mukawerenge ana omwe agwira mabotolo. Timasacheti tija tinaletsedwa titawononga kale achinyamata angati? Ngati tikulephera pa mowa, pa chamba tidzatha bwanji? Thailand anamasula mu 2022, masitolo anadzaza mizinda, pofika 2025 boma linabwezanso kuti chizigulidwa ndi kalata ya dokotala. Chomwe ndingagwirizane nanu n'chakuti mnyamata wopezeka ndi kandudu kamodzi asamapite kundende. Amatulukako ataipiratu. Ameneyo akufunika uphungu ndi chipatala.

Ras Kondwani (Nkhata Bay)
Pamenepo tagwirana chanza. Pa zinazo tidzakambabe.

Gift K.
Osuta chamba onse ndi mbava basi, amangidwe.

Admin (Mai a Pemphero)
A Gift, pagulu pano sititukwana anthu. Pali makolo ndi abale a anthu omwe akuvutika ndi nkhaniyi. Lankhulani mfundo kapena werengani chabe. Tibwerere ku funso la Bambo a Tadala, sanayankhidwe mokwanira.

Mai a Tadala
Ndine mkazi wa amene anayambitsa nkhaniyi, ndalowa pafoni ya mwana. Bambo sananene zonse. Fodya ndi miyezi pafupifupi 9 yopanda Sabata. Nazale kuthirira m'mawa ndi madzulo, kuwokera mvula ikugwa, kupalira, kubandira, kudula nsonga, kuthyola mphukira. Nthawi yothyola timalowa m'munda mame asanaume, masamba onyowa kukhuza m'mikono ndi pamimba. Pofika masana mutu waukulu, nseru, chizungulire, manja akuda ndi phula lomata lomwe sopo salichotsa. Chaka chatha Tadala anasanza usiku wonse titamutenga kukathandiza kusoka, tinkayesa malungo, kuchipatala anayeza sanapeze. Ine sindinasutepo chibadwire koma thupi langa fodya limamudziwa. Ndiye ndalama ikabwera, akachotsa ngongole ya feteleza, thiransipoti, ziguduli ndi zina zonse zolembedwa papepala lija, yotsala timaiona mwezi umodzi kapena iwiri. Ine ndinawauza bambo kuti tichepetse, andimve pano pagulu poti kunyumba sandimva.

Sisita Naphiri (namwino, Zomba)
Mayi, zimene zinamuchitikira Tadala zikufanana ndi matenda odziwika a m'minda ya fodya. Nikotini wa patsamba lonyowa amalowa kudzera pakhungu, ndipo mwana amadwala msanga kuposa wamkulu. Dikirani mame aume, valani malaya a manja aatali kapena pepala lapulasitiki kutsogolo, zovala zikanyowa sinthani, sambani ndi sopo. Koma mwanayo asagwirenso fodya wamuwisi, chonde.

A Kamanga (mlangizi wopuma, Dowa)
Ndipo nkhani ya ana ili ndi mbali ina. Mu November 2019 America inaimitsa fodya wa ku Malawi pamadoko ake chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi matenanti, makampani anachita kupereka umboni mmodzimmodzi kuti aloledwenso. Mu 2021 dongosolo la matenanti linathetsedwa m'malamulo a ntchito. Ogula pano amayendera minda, akapeza mwana wa sukulu m'chigafa kontalakiti itha kuduka.

Tsono kwa iwe Bambo a Tadala. Mu 2023 Malawi inalowa m'pangano la WHO lothana ndi kusuta fodya, lija tinalikana zaka zambiri poopa kuti lipha ulimi wathu. Panganolo silikuletsa kulima. Muli gawo 17 lomwe likuti maboma athandize alimi kupeza mbewu zina zopindulitsa. Mawuwo ndi abwino, koma thandizo lake kumudzi sindinalione, ndiye usadikire munthu. Komanso ndisakunamize kuti mbewu zina ndi paradaiso. Mu 2017 India itachepetsa nandolo wolowa m'dziko lake, alimi a kum'mwera anatsala ndi matumba, mtengo unagwa mpaka ena anangosiya m'munda. Soya naye chaka china amakwera, chaka china mavenda amakubera pasikelo. Kusiyana kwake n'kwakuti soya ndi mtedza sizifuna feteleza wambiri, zimakonza nthaka, sizifuna chigafa, ndipo zikakanika kugulika mumadya kapena kudyetsa nkhumba ndi nkhuku. Fodya akabwezedwa ku okushoni sungaphikire ana.

Langizo langa: usamange chachikulu. Sintha nsanamira zodyedwa, folera bwino chakalecho. Lima fodya wokwana chigafa chimenecho ndi manja a akuluakulu a pakhomo pako, wa giredi yabwino, pa kilogalamu zomwe unalembetsa ku Tobacco Commission. Malo otsalawo ika soya ndi mtedza, ugulitse pamodzi ndi anzako osati mmodzimmodzi.

Yobu ku Joni
Madala a Kamanga, koma dziko lidzapeza kuti madola? Mafuta a galimoto, mankhwala, feteleza, zonse timagula ndi ndalama ya fodya. Aliyense akachepetsa si ndiye mizere ya pa filing'i siteshoni ifika ku Dedza?

A Kamanga (mlangizi wopuma, Dowa)
Funso limenelo ndi la nduna ndi aphungu, mwana wanga, ndipo akhala nalo patebulo zaka zoposa 30. Sitingasenzetse Mai a Tadala mtolo wa madola a dziko lonse pomwe iwo akusanza m'munda. Akafuna alimi apitirize, awonetsetse kuti mlimi akutsala ndi kanthu m'thumba.

Mlongo wa ku Chipata
Kuno ku Eastern Province nkhani ndi yomweyi, ndipo fodya amadutsa malire uku ndi uku kutengera komwe mtengo wakoma. Zambia nayo inavomereza chamba cha mankhwala ndi chogulitsa kunja, koma m'mudzi mwathu sindinaone ndi mmodzi yemwe amene walowamo. Amalume anga anagawa munda pakati zaka zitatu zapitazo, theka fodya theka soya ndi mpendadzuwa. Sanalemere, koma ngongole alibe, ndipo mafuta ophikira amayenga okha.

Aphunzitsi a Zimba (Lilongwe)
Ine pempho langa kwa a Loya ndi ena odziwa njira: tilembe kalata ku komiti ya zaumoyo ya nyumba ya malamulo yokhudza vape. Zinthu zitatu zokha: asagulitsidwe kwa ana, zokometsera za maswiti ndi zipatso ziletsedwe, ndipo olowetsa m'dziko alembetse kuti tidziwe zomwe zili m'katimo. A Chikondi akhale ndi yawo yosiyira ndudu, koma mwana wa Fomu 2 asaipeze pa WhatsApp. Ndili ndi aphunzitsi anzanga asanu omwe asainira.

Loya Wamng'ono
Nditumizireni kumbali zomwe mwakumana nazo, popanda mayina a ana kapena a sukulu. Ndilemba kalatayo Loweruka, muione Lolemba.

Chikondi M.
Nanenso ndisainira. Mwana wanga ali Sitandade 7.

Bambo a Tadala (Santhe, Kasungu)
Ndawerenga zonse kawiri. Mayi a Tadala anena zoona, ndinkamva koma ndinkaumitsa mutu, ndipo za kusanza kwa mwana zija sindinkadziwa kuti ndi fodya. Pali china chomwe sindinanene. Bambo anga aja amasuta chingambwe chopichira papepala kuyambira ndisanabadwe. Miyezi itatu tsopano akutsokomola, usiku amatuluka thukuta, thalauza likugwa m'chiuno, sabata yatha ndinaona magazi pakansalu kawo. Amakana kuchipatala, akuti ndi fumbi la m'chigafa. Ngongole ija sinditenga. Ndikonza chigafa chakale, fodya ndilima ekala imodzi m'malo mwa ziwiri ndi theka, kwinako soya ndi mtedza. Mnzanga wa kuseri kwa khola ndikamuuza madzulo ano. A Kamanga, mbewu yabwino ya soya ndingaipeze bwanji, ndipo mankhwala opaka kumbewu ya soya musanadzale aja, a inokulanti, ndi ofunikadi?

Sisita Naphiri (namwino, Zomba)
Bambo a Tadala, za soya zidikire kaye. Agogowo apite kuchipatala mawa, osati sabata yamawa. Chifuwa cha miyezi itatu, thukuta la usiku, kuonda ndi magazi, ayezedwe makhololo ngati ndi TB, ndipo akapanda kuipeza mupemphe kuti awajambule pachifuwa. Kuyeza ndi mankhwala a TB m'zipatala za boma ndi zaulere. Akapezeka nayo, nonse a m'nyumbamo mukayezetse, makamaka ana. Akakana, pitani ndi munthu amene amamumvera, kaya ndi abusa kaya mfumu.

A Kamanga (mlangizi wopuma, Dowa)
Mvera a Sisita. Ukabwerako udutse kwa mlangizi wa dera lanu akuuze mtundu wa soya woyenera nthaka ya kwanuko ndi wogulitsa mbewu yovomerezeka, usagule yapamsika yosadziwika. Mankhwala opakawo ndi ofunika, makamaka m'munda momwe simunalimidwepo soya. Upake pamthunzi, udzale tsiku lomwelo, mizere iwiri pamzere umodzi.

Mai a Tadala
Apongozi amamvera mlongo wawo wa ku Chinkhoma. Ndamuimbira kale, akuti afika ndi minibasi yoyamba m'mawa. Bambo a Tadala, mupemphe njinga yamoto ya a Phiri usiku uno.